Magazi Sakugwirizana

Lachisanu, 29 Disembala

Anandigoneka dzulo masana. Wodi ya amuna, bedi lachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi zenera. Pakhadi lomwe apachika kumiyendo kwa bedi alembapo kuti: Tumbikani Ziba, zaka 16, malungo aakulu.

Kope lino ndi la Bayoloje. Amama analitola mothamanga poyesa kuti ndi buku langa lakuchipatala, pakuti mabuku onse awiri ndinawakutira pepala la khaki. Ndayambira kumasamba akumapeto. Ndikamalemba ndikumaiwala kuyang'ana diripi.

Mutu unayamba Khirisimasi isanafike. Sindinauze munthu. Ndinkamwa panado n'kukagona kuseri kwa nkhokwe, mpaka dzulo m'mawa pamene ndinagwa ndikutsegulira ng'ombe. Kuchipatala chaching'ono chakwathu anangondiyang'ana m'zikope ndi m'manja, basi n'kuitana ambulansi. Ndabwera ndi amama ndi mlongo wanga Chawanangwa, yemwe akadali kubere. Adada atsala kumudzi chifukwa cha ng'ombe ndi kupalira.

Jakisoni wa atesuneti, wodzera m'kanyula, kapaipi komwe andibaya padzanja: woyamba dzulo 2 koloko, wachiwiri patapita maola khumi ndi awiri, wachitatu lero 2 koloko.

Zotsatira za ku labu ndakopera papepala lomwe a Louis, bambo wotenga magazi, anasiya:
Tizilombo ta malungo: mitanda itatu.
HB, muyeso wa kuchuluka kwa magazi: 5.6. Akuti mnyamata wa msinkhu wanga amafunika 13 kapena kuposa.
Maselo oyera: 3.4. Atsika pang'ono.
Mapulatileti: 52. Amafunika kupitirira 150. Ndi tizidutswa toumitsa magazi pabala, n'chifukwa chake dzulo ndinatuluka kamfuno.
Gulu la magazi: O.

Ndikuthokoza oyendetsa ambulansi. Msewu unali matope okhaokha koma sanadandaule ngakhale kamodzi.

Loweruka, 30 Disembala

HB 4.7. Yatsika. Mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndinafunsa adokotala kuti magazi akupita kuti pomwe sindinavulale paliponse. Ndi mayi wamfupi wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe. Anaika mafaelo pabedi n'kundiyankha ngati kuti alibe odwala ena.

“Anankafumbwe umawadziwa? Tizilomboti timalowa m'selo lofiira monga iwo amalowera m'njere ya chimanga. Timadya, timaswana, selo n'kuphulika. Ndiye pali kapamba wako uyu watupayu.” Anandidina kumanzere, pansi pa nthiti, ine n'kudumpha. “Ntchito yake n'kuchotsa maselo oonongeka, koma malungo akakula amakhala ngati wosankha fodya wokwiya, amataya ndi masamba abwino omwe. Mafuta a m'mafupa, omwe amapanga maselo atsopano, nawonso amachita ulesi. Mbava zitatu m'nkhokwe imodzi.”

Akuti ndikufunika kuikidwa magazi. Vuto n'lakuti m'firiji mulibe O. Ambiri opereka magazi ndi ana asukulu, ndipo sukulu zatsekera. Aimba foni kosungira magazi ku Mzuzu, koma atiuzanso kuti tiitane achibale.

Amama anapita okha ku labu. Gulu lawo ndi B, HB 10.4, komanso akuyamwitsa. Awakaniza. Abwerako ndi botolo la madzi ofiira a masamba a mapeyala owiritsa, omwe amayi a kumalo ogona magadiyani awauza kuti amaonjezera magazi. Anesi anati ndimwe ngati ndili ndi ludzu, koma asayembekezere kuti nambala ikwera. Ndamwa theka chifukwa cha nkhope ya amama.

Pabedi la kumanja pali a Bestone, bambo wa imvi wocheka matabwa ku Luwawa. Chipika chinawathyola ntchafu, ndipo mwendo aupachika ndi chitsulo cholemera kwa milungu isanu tsopano. Amadziwa nesi aliyense, mpaka amene adzakwatiwe chaka chamawa. Andipatsa dzina.

“A Kalaliki, mwalembamo kuti phala la lero linalibe shuga? Lembani, boma lidziwe.”

Lamulungu, 31 Disembala

Adada anafika cha m'ma 10 ndi ankhazi Iness, mlongo wawo wamkulu. Analowa m'wodi atapinda kale mkono wa malaya. Anandigwira pamutu ndi dzanja lawo lolemera lija.

“Iwe, matenda obisa? Tolani ndopa, nili nazo zinandi!” Wodi yonse inaseka, pakuti mawu a adada samva khoma. Ndopa ndiwo magazi m'Chitumbuka chathu. Anapita ku labu pamodzi ndi ankhazi.

A Louis kunalibe lero. Pepala linabwera ndi mtsikana wophunzira ntchito ya labu, wa Chichewa chakumwera. Anagwada pang'ono mwaulemu.

“Pepani bambo, magazi anu sakugwirizana ndi a mwanayu.”

“Mwati uli?”

“Inu ndinu A, iyeyu ndi O. Sakugwirizana. Sitingamupatse.”

“Nanga anga?” anafunsa ankhazi.

“Anunso ndi A, mayi.”

Mtsikanayo anachoka, pakuti kunali odwala ena. Sanalakwe chilichonse. Ananena zomwe zinali papepala.

Ankhazi anawerenga pa zala, mokweza ndithu kuti a Bestone amve: “Dada A. Ankhazi A. Mama B. Mbwenu O wafuma nkhu?” Kenaka anatembenukira adada: “Nkhayowoya kale ine.” Ndiye kuti, ndinanena kale.

Adada anafunyulula mkono wa malaya pang'onopang'ono n'kumanga batani. Batanilo linawavuta. Sanayang'ane amama, sanayang'anenso ine. Anati ng'ombe zatsala zopanda munthu, n'kutuluka. Ankhazi anawatsatira. Nthochi zomwe anabweretsa anazisiya pakabati.

Amama apukuta kabatiyo katatu. Inali yoyera kale.

Lolemba, 1 Januwale

HB 4.1.

Ndikangotembenuka ndikupuma ngati ndakwera phiri la Hora. Andiika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Mtima ndikuumvera m'makutu.

Amayi a Umanyano, a kutchalitchi, anabwera kudzaimba, atisiyira sopo ndi mabanzi. Yewo.

Ku Mzuzu akuti mawa.

Adada sanaimbe.

Lachiwiri, 2 Januwale

Ndikulemba madzulo.

Galimoto ya ku Mzuzu inafika 11 koloko ndi matumba awiri okha a O. Limodzi lapita kwa mayi wina woyembekezera, lina kwa ine. Linabwera lozizira ngati botolo la m'golosale. Anesi anapatsa amama kuti alifunditse kwa kanthawi. Amama anatsitsa Chawanangwa, namuika pabedi la a Bestone, n'kulowetsa thumbalo m'bulauzi ngati mwana wina.

Linayamba kudontha 12:10, linatha 3:45. Anesi ankabwera pafupipafupi kudzandiyeza kutentha kwa thupi ndi kufunsa ngati ndikumva kuyabwa kapena kuzizidwa. Palibe chinachitika. Ndinangomva kanjira kozizirira kakukwera m'mkono.

Pathumba panalibe dzina, koma nambala yokha. Ndaikopera mkati mwa chikuto cha kope lino. Sindikudziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, Mtumbuka kapena Mtonga. Tsiku lina anakhala pampando, anthu n'kumubaya, napita kwawo osadziwa kuti akupatsa ine. Chiuta amusunge.

Chawanangwa wakodzera a Bestone. Akuti ndi dalitso la chaka chatsopano.

Lachitatu, 3 Januwale

HB 5.4. Mapulatileti 96. Maselo oyera 4.1. Tizilombo: mtanda umodzi. Mpweya achotsa. Jakisoni watha, ndayamba LA, mapiritsi anayi m'mawa, anayi madzulo, kwa masiku atatu. Akuti ndizimwera chakudya cha mafuta pang'ono, ndiye amama agula mtedza wokazinga. Ndafika kubafa ndekha ndikugwira khoma.

Lero ndili ndi mphamvu yolemba zomwe ankhazi ankatanthauza.

Ndisanabadwe adada ankagwira ntchito ku Joni, monga amuna ambiri akwathu. Anabwera kudzadya Khirisimasi, nabwerera mu Januwale. Ine ndinabadwa mu Ogasiti, masiku asanakwane, wochepa ngati mphaka. Amama ndi a ku Kasungu, Achewa, ndipo ankhazi sanawafune chiyambire. Kuyambira pamenepo akhala akuwerenga miyezi. Palibe anandiuzapo, koma munthu wokhala chete amamva zambiri. Ndinamvapo pamaliro, ndinamvapo pachitsime. Adada ndi wamtali, wamawu, mtsogoleri wa ingoma m'mudzi mwathu. Ine ndikagwira chishango anthu amaseka. Kusukulu ndimakhala kumbuyo, pakona, ndipo nthawi yopuma ndimatsala m'kalasi. Ankhazi amati ndimayenda m'mudzi ngati mlendo.

Adada sanasonyezepo kuti amamvera zimenezi. Mpaka Lamulungu lija.

Ndatsegula kope lino kutsogolo, pomwe tinalemba za magulu a magazi. Pali tebulo la amene angapatse mnzake ndi amene sangathe. Za makolo ndi ana palibe. Aphunzitsi anati zimenezo n'za Fomu 4.

A Louis atabwera kudzanditenga magazi ndinafuna kuwafunsa. Koma ndinaopa yankho.

Amama sakulira. Akuchapa zinthu zochapa kale. Masana anandidyetsa phala ndi supuni, ngakhale ndimatha kudya ndekha, ine n'kuwaleka.

Lachinayi, 4 Januwale

HB 5.2. Adokotala akuti zimachitika, kapamba sanamve kuti nkhondo ikutha. Apempha thumba lachiwiri.

Adada abwera. Anafika 2 koloko, nthawi yoona odwala, okha, ndi thumba la ufa ndi mtolo wa nkhuni panjinga. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kumawerenga khadi langa ngati nyuzipepala. Amama anagwada kuwapatsa moni. Anayankha akuyang'anabe khadi.

Woyamba kulankhula anali a Bestone. Analankhula m'Chitumbuka, ine ndilemba momwe ndingathere.

“A Ziba, mwabwera? Ife timati mwina ng'ombe zakudyani.”

“Ndabweretsa ufa.”

“Ufa tauona. Khalani pansi, mukutitchingira mphepo. A Louis! Bwerani kuno ndi thireyi yanuyo. Mtsikana wanu uja anasiya moto m'nyumba ya eni, bwerani muzimitse.”

A Louis ankatenga magazi pabedi lachitatu. Anabwera akuvula magolovesi. A Bestone anawafotokozera zonse, mpaka kuyerekeza mawu a ankhazi ndi kuwerenga pa zala. Ine ndinafuna kulowa pansi pa bedi. Amama anayang'ana pazenera.

A Louis anapempha kope langa ndi bolopeni. Zomwe anajambula zili patsamba loyang'anana ndi lino.

“Bambo, mawu aja akuti sakugwirizana ndi a ntchito yathu. Amatanthauza kuti magazi anu sangalowe m'mitsempha yake, basi. Za chibale sanenapo kanthu. Munthu aliyense amanyamula zilembo ziwiri, china cha bambo, china cha mayi. O ndi wamanyazi. Akakhala ndi A amabisala, timangoona A. Akakhala ndi B amabisalanso. Inu mungakhale A wobisa O, mayiwa B wobisa O. Ma O awiriwo akakumana mwa mwana, alibenso pobisala.”

Adada anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. “Za masukulu izi,” anatero.

“Za masukulu chiyani!” anakuwa a Bestone, mpaka chitsulo cha mwendo wawo chinagwedezeka. “Inu si munthu wa ng'ombe inu? Nkhunzi yakuda ndi thadzi lakuda sizinakuberekerenipo thole lofiira?”

Adada anayankha motsitsa: “Chaka chatha.”

“Ndiye munati chiyani?”

“Ndinati nkhunzi ya aneba athu a Hara inadumpha khola.”

A Bestone anaseka mpaka misozi, wodi yonse n'kutsatira, ngakhale mkulu wa chifuwa wa pakona yemwe sanalankhulepo chigonekedwere. “Mwamva anthu inu? Ndi ng'ombe yomwe anaiimba mlandu wa chigololo! A Hara muli nawo m'khoti?”

“Nkhunzi ya a Hara ndi yoyera,” anatero adada, ngati akudziuza okha.

Phokoso litatha anatembenukira a Louis. Anafunsa mosazungulira, pamaso panga: “Kasi mwana uyu ngwane?” Ndiye kuti, kodi mwana uyu ndi wanga?

A Louis anatseka kope. “Makina athu sayeza zimenezo, bambo, ndipo sindikunamizani kuti amayeza. Chomwe ndinganene n'chakuti magazi ake sakukukanani. Bambo A ndi mayi B kubereka O, ndimaziona mwezi ndi mwezi. Zotsalazo mukuzidziwa ndinu, amene mwakhala ndi mayiwa zaka zonsezi.”

Adada anakhala pabenchi. Anavula chipewa n'kumachizunguliza m'manja. Belu la kutha kwa nthawi yoona odwala linalira iwo akadali pomwepo. Atadzuka anati kwa amama, “Nyamwale, nkhuni zija n'zouma, za msuku.” Kupatula moni uja, chinali chiganizo choyamba kuwalankhula kuchokera Lamulungu.

Amama anamanga Chawanangwa kumbuyo, nakoka mfundo ya chitenje mwamphamvu.

“Yewo. Mukafika kumudzi mukaipepese ng'ombe ija.”

A Bestone anadziphimba bulangete kumutu. Bulangetelo linkagwedezeka.

Adada sanabwerere kumudzi. Agona pakhonde la magadiyani aamuna.

Lachisanu, 5 Januwale

M'mawa adada anapita okha ku labu. Anauza a Louis kuti ngati magazi awo sangalowe mwa ine, alowe m'firiji, mwana wa wina adzawapeze. HB yawo 15.1. Abwerako ndi thonje pamkono ndi botolo la zakumwa lomwe anapatsidwa, akuyenda ngati apha nyalugwe. Botololo apatsa amama. Amama analilandira, koma sanalitsegule mpaka masana.

Thumba langa lachiwiri linafika 1 koloko. Anesi analibweretsa lozizira monga lija, nalunjika kwa amama. Adada anatambasula manja.

“Zaninge nalo kuno.”

Anatsegula jekete n'kuliika pachifuwa, mkati mwa malaya, natseka zipi mpaka m'khosi. Kuzizira kunawadzidzimutsa, ndinaona mapewa akukwera. Anakhala pabenchi osagwedezeka, manja atapingasa, ngati nkhuku yofungatira. Anesi atabwera kudzalitenga, adada anafunsa ngati lafunda mokwanira, ngati sangaonjezereko mphindi zingapo.

“Bambo, si mbatata iyi,” anatero anesi.

Linayamba 1:30, linatha 5:05. Adada sanachoke. Ankayang'ana dontho lililonse, ndipo likachedwa ankadzuka kukaitana anesi. Kachitatu anesi anawaopseza kuti awatulutsa.

Sitinalankhulane zambiri. Anandifunsa ngati zikupweteka. Ndinati ayi. Anati thole lofiira lija likukula bwino kuposa anzake.

Nambala ya thumba ili ndailembanso, pansi pa inzake. Anthu awiri tsopano.

LA ndamaliza madzulo ano.

Loweruka, 6 Januwale

HB 6.9. Mapulatileti 171. Maselo oyera 5.6. Tizilombo: sanapeze.

Adokotala anandionetsa zikhatho zanga. Mizere yayamba kufiira. Mkodzo wayera. Njala yandigwira ngati ya chaka chonse: ndadya mbatata ziwiri, dzira, ndi nyemba za a Bestone zomwe iwo anati zawakwana.

Ankhazi anaimba pafoni ya adada. Adada anatuluka panja, koma zenera langa lili pomwepo, ndipo mawu awo ndanena kale. Zambiri sindilemba. Anawauza kuti nkhani ya miyezi ithere pomwepo, ndipo akafuna kuitchulanso akaitchulire kwa amuna awo, osati pakhomo la Enos Ziba.

Amama anamva nawonso. Anapitiriza kusenda mtedza. Sindikudziwa ngati akhululuka. Ndikuganiza kuti zitenga nthawi yaitali kuposa HB.

Masana mtsikana wa ku labu uja anabwera kudzapepesa. A Louis anamufotokozera. Mtsikanayo anali pafupi kulira. Amama anamugwira dzanja n'kumuuza kuti chotupa chinalipo kale, iye anangochiboola. Anamupatsa mtedza.

Lamulungu, 7 Januwale

Ndayenda mpaka pageti ndi kubwerera, kupuma kawiri. Mvula inagwa m'mawa, ndipo fungo la dothi linandikoma ngati sindinalimvepo.

Ndawerengera a Bestone zina za m'kope lino, poti amandivutitsa. Akuti ndawalemba ngati munthu waphokoso. Ndawafunsa ngati ndifufute. Akuti ndionjezere kuti ndi wokongola.

Iwo atsala milungu ina itatu. Mwana wawo amabwera Loweruka lokha, chifukwa Luwawa n'kutali. Adada awalonjeza nkhuku.

Lolemba, 8 Januwale

HB 7.7. Anditulutsa.

Malangizo a adokotala: mapiritsi a ayironi ndi a foliki kwa miyezi itatu. Chimbudzi chikada ndisaope, ndi mankhwalawo. Nyemba, bonongwe, chiwindi chikapezeka. Tiyi asamayandikane ndi mapiritsi. Neti usiku uliwonse, osati ija ili pa dimba la tomato. Ndibwerenso pa 15 ndi pa 22 kudzayezetsa, chifukwa nthawi zina pambuyo pa jakisoni uja magazi amatsikanso. Ndikaona chikasu m'maso kapena mkodzo wakuda, ndisadikire tsiku. Ndipo mutu ukadzandipwetekanso, ndiuze munthu tsiku lomwelo. Apa anandiyang'anitsitsa mpaka ndinavomera mokweza.

Sukulu zatsegulira lero. Ine ndiyamba sabata ziwiri zikubwerazi. Ndinafunsa a Louis kuti munthu amayamba kupereka magazi ali ndi zaka zingati. Akuti zaka zakwana kale, koma ndidye kaye nyemba chaka chathunthu ndisanawaonetse mkono wanga.

Ndatsanzika wodi yonse bedi ndi bedi, chinthu chomwe sindinachitepo kulikonse. A Bestone anandigwira dzanja nthawi yaitali. “Mukayende makora, a Kalaliki. Musadzabwerenso, bedi ili tikufuna kuikapo munthu wocheza.”

Ndikulemba izi pansi pa mtengo, pa siteji, tikudikira kuti galimoto ya kwathu idzaze. Adada akweza njinga pamwamba pa katundu wa anthu, ndipo ndowa ndi mapoto a amama anyamula okha kuchokera kuchipatala, anyamata a kabaza akuwayang'ana. Atakhala pansi thukuta lili kamukamu, ndinatunga madzi m'chigubu n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamwa onse. Pobweza kapu anandiyang'ana kumaso.

Kwathu mwana akapereka madzi sathokozedwa, amangolandidwa kapu. Wothokozedwa ndi munthu wamkulu, ndipo amamuthokoza pa chiwongo, dzina la mtundu wa bambo ake.

“Yewo, Ziba,” anatero adada.